NDARAMA ZA MTUKULA PAKHOMO: KODI ZIMACHITA CHIANI ZIKAFIKA M'MUDZI?

Awerengi athu ambiri anaonapo anthu okalamba, amai amasiye ndi anthu olumala atasonkhana pa bwalo la sukulu kudikira ndarama zimene Boma limapereka kwa mabanja osaukitsitsa. Ndarama zimenezi zitchedwa za Mtukula Pakhomo. Nkhani yache imakambidwa kwambiri pa chitsime, pa bawo ndi pa maliro. Ena ati n'zabwino. Ena ati zionjezera ulesi, ndi kuti wosauka ukampatsa ndarama m'manja lero, mawa udzampeza ku mowa. Mwezi uno tifuna kufotokoza nkhaniyi bwino-bwino, pakuti papita zaka zambiri chiyambire nchitoyi, ndipo anthu ophunzira anayenda m'midzi kukaona ndi maso ao chimene ndaramazo zachita.

CHIYAMBI CHACHE

Ndarama yofika m'mudzi kuchokera kutali si chinthu chachilendo kuno kwathu ai. Akuru-akuru akumbukira masiku a Wenela, pamene anyamata ankapita ku migodi ya ku Johannesburg, ena ku mafamu a ku Southern Rhodesia, natumiza ndarama kwao pa positi. Pakhomo pamene panali mwana wotumiza pankadziwika msanga: msonkho unkalipidwa, ana ankabvala, ndipo njala ikagwa banjalo linkagula chimanga. Koma nkhalamba yopanda mwana kunja, ndi mai amene mwamuna wache anatchona, analibe wowatumizira kanthu. Anthu otere alipobe lero, ndipo Mtukula Pakhomo anakhazikitsidwira iwowa.

Nchitoyi inayamba m'chaka cha 2006 m'boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning. Inali nthawi yowawitsa. Njala ya 2002 inali isanaiwalike pamene ina inagwanso mu 2005, ndipo matenda a Edzi anali atatenga abambo ndi amai ambiri a msinkhu wogwira khasu, nasiya ana m'manja mwa agogo. Boma, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, linaganiza zoyesa njira yatsopano. M'malo mopereka thumba la chimanga pa nthawi ya njala yokha, linati lipereke ndarama pang'ono chaka chonse, eni ache adzionere okha chogula. Ndarama zoyambira zinachokera ku thumba la Global Fund kudzera ku National AIDS Commission. M'zaka ziwiri zotsatira nchitoyi inafika ku Likoma, Machinga, Salima, Mangochi, Chitipa ndi Phalombe, ndipo mu 2018 inakwanira maboma onse 28. Amene anaikapo dzanja ndi maiko a Germany ndi Ireland, European Union ndi World Bank, pamodzi ndi thumba la Boma lathu. Pofika 2020 mabanja olandira anali oposa 280,000, ndiwo anthu oposa miliyoni imodzi.

Lamulo limene linaikidwa pa chiyambi linali ndi mbali ziwiri. Banja likhale losaukitsitsa, ndiko kuti lodya kamodzi pa tsiku kapena kugona ndi njala, lopanda ziweto kapena katundu woti n'kugulitsa. Likhalenso lopanda manja ogwira nchito: kaya mulibe munthu wa mphamvu wa zaka za pakati pa 19 ndi 64, kaya alipo mmodzi koma akusenza anthu oposa atatu, ana, okalamba kapena odwala. Pa mabanja khumi ali onse, limodzi ndilo linkalembedwa. Ku Mchinji mu 2006 munthu wokhala yekha ankalandira K600 pa mwezi, banja la anthu awiri K1,000, la atatu K1,400, la anai kapena kuposa K1,800. Pamwamba pache ankaonjeza K200 pa mwana ali yense wa ku pulaimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Ndaramazi zakwezedwa kangapo chiyambire, ndi kasankhidwe ka anthu kakhala kakukonzedwa, koma maziko ache ndi omwewo: si ngongole yobweza, si malipiro a nchito, ndipo palibe wouza wolandira kuti gula chakuti.

KHASU LIBWERERA KUMUNDA KWACHE

Kuti timvetse chimene kandarama kochepa chotere kangachite, tiyambe taganiza za mwezi wa January. Ali yense wokhala kumudzi adziwa kuti umphawi suluma mofanana chaka chonse. Mu May ndi June ngakhale wosauka ali ndi kanthu m'nkhokwe. Koma banja limene linakolola madengu owerengeka liona pansi pa nkhokwe mu September kapena October, ndipo pamene mvula igwa liribe ufa m'nyumba. Tsono nthawi yomweyo ndiyo ya kubzala, kupalira ndi kubandira.

Tiyerekeze ndi gogo amene akulera adzukulu anai. Munda ali nao, ndipo wabzala. Udzu wamera. Koma ana sanadye dzulo. Kodi achite chiani? Chimanga cha m'munda mwache chidzacha mu April, koma ana afuna nsima lero madzulo. Chifukwa chache atenga khasu napita kukapalira m'munda wa munthu wina, kuti alandire mbale ya ufa, kapena madeya, kapena ndarama pang'ono. Mawa chimodzi-modzi, mkuja chimodzi-modzi. Pamene adzabwerera kumunda kwache adzapeza udzu utapitirira chimanga, mapesi ali owonda ndi achikasu. Chimanga chochedwa kupaliridwa sichibala bwino, monga mlangizi ali yense wa zaulimi anena. Adzakolola zochepa, nkhokwe idzathanso mu September, ndipo chaka cha mawa adzapitanso ku ganyu. Munthu wotere si waulesi. Agwira nchito koposa anzache, koma thukuta lache lidzaza nkhokwe ya wina.

Sitikunena kuti ganyu ndi woipa ai. Ganyu wapulumutsa anthu ambiri, ndipo makolo athu ankasuma pa nthawi ya njala wopanda wowaseka. Choipa ndi ganyu wokakamizidwa ndi njala pa masiku amene munda wako ukufuna iwe mwini. Pa nthawiyo ofuna ganyu achuluka, motero malipiro atsika, pomwe mtengo wa chimanga pa msika uli pamwamba. Ndiponso njala iri ndi misampha ina. Wina abwereka ndarama za katapila nadzabweza zochuruka pokolola. Wina agulitsa mbeu zache ziri m'munda zisanache. Wina abwereketsa munda wonse kwa munthu wa ndarama chifukwa alibe mbeu yobzala. Zonsezi zichotsa njala ya lero, koma zibzala njala ya chaka cha mawa.

Apa ndi pamene ndarama ya Mtukula Pakhomo igwira nchito yache yaikuru. Gogo uja akadziwa kuti ali ndi yogulira ufa wa masiku angapo, masiku amenewo awathera m'munda mwache. Ngati msana wache watha, angathe iye mwini kulemba mnyamata wa ganyu tsiku limodzi kapena awiri. Ndaramayo siichuruka kuti n'kudyetsa banja mwezi wonse. Chimene imgulira ndicho masiku, ndipo masiku a January ali ndi mtengo woposa masiku ena onse a chaka.

Izi si zongoganizira pa tebulo. Mu 2007 ndi 2008 anthu ophunzira a ku Boston University, ku America, pamodzi ndi a Centre for Social Research a ku Zomba, anatsata mabanja a ku Mchinji. Kuyambira 2013 kufikira 2015 kunachitika kafukufuku wina wokulirapo, wotsogozedwa ndi University of North Carolina ndi a ku Zomba omwewo, pa mabanja oposa 3,000 a kwa Maganga ndi kwa Ndindi ku Salima, ndi a kwa Jalasi ndi kwa M'bwana Nyambi ku Mangochi. Njira yao inali yonga ya mlangizi pa munda wachitsanzo, amene athira feteleza m'mizere ina naleka ina, kuti ali yense aone kusiyana kwache. Midzi inasankhidwa mwa maere. Ina inayamba kulandira msanga, ina inadikira nidzalowa pambuyo. Mvula inali imodzi-modzi, misika imodzi-modzi, umphawi umodzi-modzi. Tsono kusiyana kumene kunaoneka kunali kwa ndaramazo.

Konse kuwiri anapeza zofanana. Mabanja olandira anachepetsa ganyu, naonjeza nchito m'minda yao. Anagula makasu, zikwakwa ndi nkhwangwa. Ambiri amene analibe chiweto chiri chonse anayamba kuweta nkhuku ndi mbuzi. Odya kawiri pa tsiku anachuruka, ndipo m'mbale ya ndiwo munayamba kuoneka usipa, nyemba ndi mafuta, osati masamba owiritsa okha. Ku Salima ndi ku Mangochi ofufuza anawerengera kuti pa K100 iri yonse imene banja linalandira, zimene linatha kudya, kugula ndi kusunga zinaonjezeka ndi pafupi-fupi K169. Kodi K69 yapamwambayo inachokera kuti? Boma silinapereke. Inachokera m'munda, m'khola ndi m'timalonda ta zitumbuwa, tomato ndi nkhuni.

Za nkhuku tinenepo pang'ono, pakuti ndiyo banki yoyamba ya munthu wosauka. Nkhuku imodzi yathazi iswa anapiye, anapiye akula, ndipo nkhuku zingapo zigula mbuzi. Mwana akadwala usiku, nkhuku imodzi ilipira njinga yopita naye ku chipatala. Koma chitopa chingathe kumaliza khola lonse m'masiku ochepa, maka-maka m'miyezi yotentha. Amene mwagula nkhuku ndi ndarama za Mtukula Pakhomo funsani mlangizi wa ziweto za katemera. Mtengo wache ndi wochepa poyerekeza ndi wa nkhuku imodzi.

NANGA ZA MOWA?

Funso limeneli lafunsidwa m'maiko onse kumene nchito yotere ichitika. Mu 2014 akatswiri a World Bank anasonkhanitsa zimene zinapezeka m'maiko ambiri a mu Africa, Asia ndi Latin America, napeza kuti mabanja olandira ndarama saonjeza kugula mowa ndi fodya. Kafukufuku wa ku Salima ndi Mangochi anapeza chimodzi-modzi. Ndarama zambiri zinapita ku chakudya, zotsala ku zobvala, sopo, sukulu ndi mankhwala.

Wowerenga wina adzati, "Koma ine ndinamuona ndi maso anga wina akumwera ndarama zonse tsiku la malipiro." Sitikana. Zidakwa ziripo m'mudzi uli wonse, pakati pa olemera ndi pakati pa osauka. Koma tikumbukire kuti chidakwa chimodzi chimveka mudzi wonse pamene chiimba pobwerera kwao, pomwe agogo makumi awiri amene anagula mchere ndi sopo nalowa m'nyumba zao mwakachete-chete palibe awakamba. Ndiponso munthu wokonda mowa chotero, ukampatsa thumba la chimanga kapena la feteleza, agulitsanso lomwelo. Si chanzeru kumana ana amasiye a mudzi wonse chifukwa cha iyeyo.

Za ulesi tanena kale. Ambiri mwa olandira ndi amai, ndipo ambiri ndi achikulire. Ofufuza sanapeze kuti analeka nchito. Anapeza kuti anasintha munda wogwiramo. Mwina ena mwa odandaula za ulesi ndi amene anazolowera kupeza waganyu wotsika mtengo mu January. Palinso mphekesera yakuti amai abereka dala ana ambiri kuti ndarama zichuruke. Izi zinafufuzidwa kuno ndi m'maiko ena a mu Africa, ndipo sizinapezeke.

ANA

Sukulu ya pulaimale inakhala yaulere mu 1994, koma kholo liri lonse lidziwa kuti mwana sapita ku sukulu chimanja-manja. Pafunika kope, cholembera, yunifolomu ndi sopo. Mtsikana wa zaka 13 amene diresi lache liri lobooka sapita ku sukulu ngakhale fizi kulibe, pakuti manyazi apweteka koposa chikoti. Mnyamata amene sanadye sangayende mtunda wautali m'mawa. M'midzi imene inalandira ndarama, ana olembetsa sukulu anachuruka, osiyira pa njira anachepa, ndipo ana ambiri anakhala ndi nsapato, bulangete ndi chobvala chosinthira.

Koma pali zinthu ziwiri zimene makolo ayenera kumva. Choyamba, pamene munda ukula ndi mbuzi zichuruka, nchito ya pakhomo nayo ichuruka, ndipo ofufuza anaona kuti ana a m'mabanja olandira anayamba kugwira nchito zambiri za kumunda ndi za kubusa. Kuthandiza makolo ndi mwambo wabwino, koma mbuzi imene inagulidwa kuti mwana aphunzire isakhale chifukwa chomjombetsa sukulu, ndipo mwana asasenzetsedwe katundu woposa msinkhu wache. Chachiwiri, ku Salima ndi ku Mangochi sanaone kusintha kweni-kweni pa kupinimbira kwa ana ang'ono. Mwana akula bwino osati ndi nsima yokha ai. Afuna zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, madzi abwino, chimbudzi pakhomo, masikito ndi kupita ku sikelo. Ngati mwana atsegula m'mimba mwezi ndi mwezi chifukwa cha madzi a m'dambo, chakudya chimene mwagula chingodutsa.

Pali chinthu chinanso chimene sichiyezedwa pa sikelo, koma olandira achitchula kawiri-kawiri, ndicho mtendere wa mumtima. Pofunsidwa, osamala mabanja ambiri anati nkhawa zao zachepa, ndipo achinyamata a m'mabanjawo anapezeka kuti sataya mtima monga anzao osalandira. Awerengi adziwa kuti munthu amene alibe chopereka pa maliro, kapena chobvala chopita nacho ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ayamba kubisala. Pang'ono ndi pang'ono anthu amuiwala, ndipo tsiku limene bvuto limgwera alibe womthamangira. Akuru anati kupatsa n'kuika. Wosauka akatha kuponya kache m'mbale ya chipepeso, kapena kulowa banki ya m'khonde ndi anzache, wabwerera pakati pa anthu. Ngakhale mwini golosale ayamba kumkongoza mchere, podziwa kuti tsiku la malipiro adzabweza.

ANANSI OSALANDIRA

Mabanja asanu ndi anai pa khumi salandira kanthu. Kodi iwo apindulanji? Taganizani kumene ndaramayo ipita ikachoka m'manja mwa gogo. Sapita nayo ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Agula chimanga kwa mnansi amene anakolola zambiri, apita ku chigayo, alipira telala, agula usipa kwa wa njinga, alemba waganyu wofolera nyumba. Mwini chigayo naye agula ndiwo kwa mai wa dimba. Kwacha yomweyo iyenda m'manja angapo isanaturuke m'dera.

Izi zinaoneka bwino ku Dowa. M'chaka cha 2006 dziko linakolola bwino, koma mbali ina ya boma la Dowa inapsa ndi ng'amba. Kuyambira December 2006 kufikira April 2007 bungwe la Concern Worldwide linapereka ndarama kwa mabanja pafupi-fupi 11,000 m'malo mwa chimanga. Galimoto za banki zinkafika m'midzi, ndipo amai ndiwo ankalandira. Ofufuza anawerengera kuti Kwacha iri yonse inabala malonda oposa ma Kwacha awiri m'deralo, ndipo ogulitsa ang'ono ndi alimi ndiwo anapindula.

Funso lina ndi lakuti, kodi ndarama zikachuruka m'mudzi mitengo ya zinthu sikwera? Yankho lomveka bwino linachokera kunja kwa dziko lino, ku Siaya m'dziko la Kenya, kumene bungwe la GiveDirectly, limene ligwiranso nchito kuno kwathu, linapereka ndarama zochuruka kwambiri koposa za Mtukula Pakhomo. Pakati pa 2014 ndi 2017 mabanja oposa 10,500 analandira pafupi-fupi madola 1,000 banja liri lonse. Ofufuza anayenda m'misika mwezi ndi mwezi kulemba mitengo, napeza kuti inakwera pang'ono zedi, kosati n'kuzindikira. Chifukwa chache n'chakuti chigayo cha kumudzi, telala ndi mmisiri akhala theka la tsiku opanda wogula. Ogula akachuruka, iwo angogwira nchito maola ambiri.

Koma pano tichenjere. Ku Dowa njira ya ndarama inatheka chifukwa chimanga chinalipo m'dziko, ndipo amalonda anatha kubwera nacho. Pamene chimanga chasowa dziko lonse, monga mu 2002, kapena pamene madzi adula miseu ndi milatho, monga pa namondwe wa Freddy mu March 2023, ndarama siidyedwa. Pa nthawi zotere thumba la chimanga liri ndi malo ache.

PAMENE NDARAMA ICHEPA MPHAMVU

Mdani wamkuru wa Mtukula Pakhomo ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Akatswiri amene atsata nchito zotere m'maiko a mu Africa anena kuti, kuti kusintha kuoneke, ndarama iyenera kukwana ngati limodzi la magawo asanu a zimene banjalo lidya ndi kugula pa mwezi. Ikatsika kwambiri kuposa apo, ithera pa mchere ndi chigayo, ndipo ya nkhuku ndi ya khasu siitsala. Mu November 2023 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100. Mu 2024 ng'amba inaononga minda m'maboma 23, ndipo mu February 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linapitirira K70,000 m'misika yambiri. Wolandira saona chiwerengero cha pa pepala, aona kuchuruka kwa ufa m'lichero. A ku Dowa aja anali ndi nzeru pa ichi, pakuti ankasintha ndarama mwezi ndi mwezi molingana ndi mtengo wa chakudya pa msika. Kuchita zotere m'maboma onse 28 n'kobvuta ndipo kufuna ndarama zambiri, koma ife tiganiza kuti nkhani imeneyi ndiyo iyenera kukhala patsogolo pamene akuru-akuru akambirana za nchitoyi.

Mdani wachiwiri ndi kuchedwa. Kwa zaka zambiri malipiro ankachitika miyezi iwiri iri yonse, ndipo nthawi zina achedwa miyezi ingapo nadzabwera pamodzi. Ndarama zobwera pamodzi ziri ndi ubwino wache, pakuti munthu agula mbuzi kapena malata. Koma ndarama ya January ikafika mu April, gogo uja anapita kale ku ganyu, ndipo udzu unadya kale munda. Kulipira kudzera ku banki ndi pa lamya za m'manja, kumene kwayamba m'maboma ambiri, cholinga chache china ndi kuthetsa bvuto limeneli.

Tiyeneranso kunena za chimene chichitika ndarama zikaleka. Mu 2008 ndi 2009 m'boma la Zomba munali nchito ina yoyesera, yosiyana ndi Mtukula Pakhomo, yopereka ndarama kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 kufikira 22 ndi makolo ao. Ena ankalandira pokha-pokha akamapita ku sukulu, ena ankalandira popanda lamulo liri lonse. A gulu loyamba anapita ku sukulu koposa. A gulu lachiwiri anachedwa kukwatiwa ndi kutenga pakati, pakuti ngakhale mtsikana amene anasiya sukulu anali ndi kache, ndipo sanakakamizike kudalira mwamuna. Kachirombo ka HIV kanapezeka mwa atsikana a sukulu ochepa pakati pa olandira koposa pakati pa osalandira. Zinali zokondweretsa. Koma ofufuza atabwerera patapita zaka ziwiri nchitoyo itatha, anapeza kuti kusiyana kwambiri kunali kutafafanizika. Maukwati amene anachedwa anachitika ndarama zitangoleka. Tiphunzirapo kuti kandarama ka mwezi ndi mwezi kali ngati mzati wochirikiza nkhokwe yopendekeka. Nkhalamba ya zaka 80 siidzafika posafuna mzatiwo, ndipo palibe chifukwa choiimbira mlandu. Koma banja limene muli achinyamata lichita bwino kusandutsa gawo la ndaramayo kukhala chinthu chotsala: chiweto, dimba, luso la manja kapena satifiketi ya mwana.

"TONSE NDIFE OSAUKA KUNO"

Mau amenewa amveka m'midzi yambiri pa nthawi ya kalembera, ndipo ali ndi choonadi chache. Kusiyana kwa banja lolembedwa ndi banja loyandikana nalo limene lasiyidwa nthawi zina ndi nkhuku ziwiri zokha. Patapita chaka, wolembedwa uja angathe kumpitirira mnzacheyo, ndipo nsanje iyamba. Ena afika potchulana ufiti. Pamene mzere udulidwa pa banja limodzi mwa khumi, osauka eni-eni ena atsala kunja, ndipo ichi sichibisika. Chifukwa chache Boma linayamba kulemba mabanja m'kaundula mmodzi wotchedwa UBR, kuti amene sanalowe mu Mtukula Pakhomo aganiziridwe pa nchito zina, monga za chitukuko zolipidwa za anthu a mphamvu ndi chithandizo cha pa nthawi ya njala.

M'midzi ina mafumu alamula kuti olandira agawane ndarama ndi anzao kuti pasakhale madandaulo. Mtima wache ungakhale wabwino, koma ndarama yochepa kale ikagawidwa panai siigulanso tsiku ndi limodzi lomwe la kumunda, ndipo onse anai atsala pomwe anali. Wolandira akafuna kupatsa mnansi wache mbale ya ufa, ndi ufulu wache. Kumlanda n'kulakwira lamulo.

Tsono onse adziwe izi. Kulembedwa m'kaundula n'kwaulere. Palibe mfumu, nyakwawa, wa komiti kapena kalaliki amene ayenera kulandirako gawo, kaya alitche la thokozo, kaya la chitukuko cha mudzi. Amene mulandira pa lamya musauze munthu nambala yanu yachinsinsi, ngakhale atanena kuti waimba kuchokera ku Boma, ndipo ngati maso anu saona bwino pitani kwa wopereka ndarama ndi mdzukulu amene mumkhulupirira, muwerenge ndaramazo musanachoke. Wolandira akamwalira ana natsala, abale afulumire kukanena kuti dzina la wolandira lisinthidwe. Amene ali ndi dandaulo ayambe wafika kwa a komiti ya m'dera lache. Akapanda kuthandizidwa, apite ku ofesi ya Social Welfare pa boma kapena kwa Bwana D.C., atatenga chiphaso chache cha unzika.